Tulo ta Pafoni

Mayfair, Johannesburg

Okondedwa Atsibweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi onse kumeneko ku Santhe. Ine kuno ndiliko, kungoti tulo tinandithawa. Chiyambire chisanu cha mu Juni, ndikagona maso ankangoti tong'o mpaka matakisi ayambe kuliza mahutala mbandakucha.

Musathamangire kwa sing'anga, palibe wandilodza. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene timagwira naye ntchito anandiikira dokotala m'foni. Dzina lake Insomnia Coach, pulogalamu yaulere imene boma la America linakonzera asilikali opuma ntchito, koma aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito. Sapereka jakisoni kapena mapiritsi. Amangokupatsa malamulo oti utsatire kwa masabata 5, ndipo m'mawa uliwonse uzilemba nthawi imene unagona, imene unadzuka ndi kangati unadzidzimuka. Ine amene kope la kalaliki wa pa esiteti ndinkaliopa, lero ndine kalaliki wa tulo tanga tomwe.

Lamulo lina likuti bedi ndi logonapo basi, osadyerapo, osachezerapo. Atsibweni, amene analemba zimenezi sanaone chipinda chathu. Timagonamo anthu anayi. Bedi langa ndiye mpando, ndiye tebulo, ndiye pobisa pasipoti, ndipo Lamulungu limasanduka pometera anthu. Lina likuti tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, dzuka upite chipinda china ukakhale phee mpaka uyambe kusinza. Chipinda china chiti? Ndinatuluka kukakhala pamasitepe ndi bulangete kumutu. Mayi wa chipinda choyandikana nafe atandiona anakuwa kuti tsotsi, nyumba yonse inadzuka. Usiku umenewo osowa tulo tinalipo ambiri.

Koma ndisanamizire, zina n'zanzeru. Tiyi ndi khofi ndinasiya kumwa dzuwa likapendeka. Masana sindigonanso, ngakhale tsiku lopuma. Chovuta kwambiri n'chakuti amakuchepetsera maola okhala pabedi: uzilowamo mochedwa, koma uzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Akuti thupi likachita njala ya tulo limasiya matama. Masiku oyamba ndinkayenda ngati munthu wochezera kusonkhezera moto pabalani la fodya wa fuluu, koma tsopano ndikangoika mutu, ndapita.

Kope langa la tulo ndiye laulula mfiti. Nditaliwerenga bwino ndapeza kuti masiku ambiri ndimadzidzimuka 3 koloko m'mawa. Ndani amafulasha 3 koloko? Ndi inu, Atsibweni, popita kudimba kukathirira nazale. Mukangonyamula kheni, mumakumbukira kuti muli ndi mphwanu ku Joni. Azakhali akuti mumanena kuti kunotu kumakhala kutacha kale. Ayi ndithu, nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi. Tambala akamalira ku Santhe kuno kumakhalanso kuli mdima. Ndikaona nambala yanu mtima umayamba kuwerengera: feteleza, mapaso a chigafa, ziguduli za mabelo, fizi ya ana. Fodya wa chaka chatha munakagulitsa ku Chinkhoma koma simunafulashe ngakhale kamodzi. Ndinamva kwa anthu kuti munagula njinga yamoto.

Dokotala wangayu akuti foni isamakhale pafupi ndi bedi usiku, ngakhale iye mwini amakhala m'foni momwemo. Ndamumvera. Kuyambira 9 koloko usiku ndizithimitsa, ndiziyatsa 6 koloko m'mawa. Kukagwa zovuta zenizeni, imbirani m'busa wa mpingo wathu kuno, iye amagona bwino.

Ya feteleza nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha, ya matumba awiri osati anayi. Mupereke moni kwa amfumu ndi onse a pamudzi. Pakabwera munthu pabasi, mumupatsire chiponde ndi ufa woyera, ndipo chonde uthenga wake ufike dzuwa litatuluka.

Ndine mphwanu,
Wa ku Joni