Mbola yonenepa chonchi ndi yachiyani?

Mu 2018, akatswiri a tizilombo, ena mwa iwo a ku yunivesite ya Turku ku Finland, analengeza mtundu watsopano wa mavu wa ku Peru, komwe mapiri a Andes amatsikira m'nkhalango ya Amazon. Anautcha Clistopyga crassicaudata. Chimene chinawakopa ndi chiwalo cha kumchira kwa mavu aakazi: n'chachitali, komanso chonenepa modabwitsa.

Kodi imeneyi ndi mbola? Akuti ndi mbola, koma ntchito yake yoyamba ndi kuikira mazira. Ululu umadzera pomwepo, dzira limadzeranso pomwepo. N'chifukwa chake aamuna alibe. Chiwalochi sichili ngati singano imodzi ayi. Ndi timizere titatu togwirana m'litali, kamodzi pamwamba, tiwiri pansi, ndipo timasenderana pamene dzira likutsika pakati pake. Dzira lofewa lidutsa bwanji m'kanjira kopapatiza chotero osasweka? Akuti limafinyika, n'kutalika, likatuluka n'kubwerera mwakale.

Nanga likatuluka limagwera pati? Achibale a mavuwa amasaka akangaude obisala m'zisa zaulusi. Amabaya kangaude kuti afe ziwalo, n'kumuikira dzira pathupi, ndipo mphutsi ikaswa imadya kangaudeyo ngakhalenso mazira ake. Mu 2016, akatswiri Niclas Fritzén ndi Ilari Sääksjärvi anaonetsa kuti mtundu wina wa ku Finland, ukamaliza kuikira, umakoka ulusi wa kangaude ndi chiwalo chomwechi n'kutseka pakhomo pa chisa. Chiwalo chimodzi chibaye, chiikire, chisokenso! Izi zokha zimandisowetsa chonena.

Koma pali pamene ndimaima. Pa nthawi imene mavu a ku Peru ankapatsidwa dzina, ofufuzawo sankadziwa kuti amasaka kangaude uti. Ndiye munthu atcha bwanji dzina chinthu chimene sanaone kadyedwe kake kapena kaberekedwe kake?

Yankho lake n'lakuti dzina limachokera pa thupi. Katswiri amaika kachilombo kakufa pansi pa maikulosikopu, amawerenga mfundo za tinyanga take, amatsata mitsempha ya m'mapiko, amayeza chiwalo choikira mazira poyerekeza ndi mwendo wakumbuyo. Akaona kuti n'kosiyana ndi onse odziwika, amasankha kamodzi kuti kasungidwe mosamala, kakhale mboni ya dzinalo. M'banja la mavuwa, lotchedwa Ichneumonidae, muli mitundu yotchulidwa kale pafupifupi 25,000, choncho ndikumvetsa: popanda dzina, anthu awiri sangadziwe ngati akukamba za kachilombo kamodzi.

Ndikumvetsa, koma mtima sukukhazikika. Thupi likulozera ntchito imene kachilombo kakufa sikangaonetse. Kodi kunenepako n'kobowolera chisa cholimba? Kodi n'kofikira kangaude wobisala mkati mwa mng'alu wa khungwa? Ndipo ndani adzapatsidwe nthawi ndi ndalama zoti akakhale m'nkhalango ya ku Peru mpaka ataona mavu amoyo akubaya?