Mfotokozi Ndili Naye, Mbuzi Ndilibe

Mlandu wonse ndi wa manovela a ku Turkey omwe timaonera pa baraka ya sola kuno ku Fingoè. Mayi a ana anga ankachokako akudandaula kuti amuna a ku Istanbul amadziwa kuyamikira mkazi, pomwe ine chikwatiranire mawu anga okoma ndi akuti "ndiwo zakolera mchere". Ndiye ndinagula mamega, n'kukwera pachulu pomwe netiweki imagwira, kuti ndiphunzire chilankhulo cha anzangawo.

Mulungu amudalitse Mustafa Kemal Atatürk, yemwe mu 1928 anasiyitsa anthu ake zilembo za Chiarabu. Pakanapanda iyeyo ndikanatsika pachulupo tsiku lomwelo.

Ndinayambira pa mfotokozi. Wa kwathu kuno ndi waulemu: amayenda pambuyo pa dzina ndipo amasintha malaya. Nyumba yaikulu, mudzi waukulu, chimanga chachikulu. Kusukulu Chipwitikizi chinatikwapulitsanso pa casa bonita ndi carro bonito. Koma wa ku Turkey amatsogola ngati mfumu ndipo sasintha. Büyük ev, nyumba yaikulu. Büyük evler, nyumba zazikulu. Büyük ali phee. Ukaikapo daha, chinthucho chaposa chinzake. Ukaikapo en, chaposa zonse. Ndipo pomwe ife timati yoyera mbee, yofiira psuu, iwo amati bembeyaz, kıpkırmızı. Ndinakhulupirira kuti makolo awo anadutsapo kwathu kuno ku Marávia.

Madzulo ndinayima pakhomo la khitchini, dzanja pachifuwa.

"Mayi, inu ndinu en güzel kadın, mkazi wokongola kuposa onse kuyambira ku Chiputo mpaka kunyanja ya Cahora Bassa."

Anapitiriza kuthyakula nsima. "Chabwino, bambo. Denga latsopano amati chiyani?"

"Yeni çatı."

"Mbuzi yaikulu?"

"Büyük keçi."

"Nanga zili kuti?"

Apa m'pomwe ndinazindikira lamulo lomwe pafoni sanalembe: mfotokozi amafuna chinthu choti achifotokoze. Ine afotokozi ndadzaza nkhokwe, mayina ndiye anapita ndi ngongole ya pa baraka.

Choipitsitsa n'chakuti mwana wanga wamkazi anabwereka foni ija, ndipo tsopano nyumba yonse, apongozi omwe, ikunditcha tembel adam. Ndinayenda nalo monyadira sabata yathunthu, ndikuganiza kuti ndi dzina laulemu ngati la ngwazi ya mu novela. Nditakweranso pachulu ndinapeza kuti ndi mwamuna waulesi. Ndawauza kuti galamala yawo ili bwino, koma achedwe kaye kuphunzira en.