Maso a nkhono pa benchi ya ku Columbus

Mu Disembala 2025, mphoto ya Heisman, yomwe amapatsa katswiri woposa onse pa mpira wa m'mayunivesite a ku America, inapita kwa Fernando Mendoza wa timu ya Indiana. Ndikunena mpira uja wooneka ngati dzira, wothamanga nawo m'manja anthu atavala zisoti n'kumagundana. Mendozayu ku Indiana anali mlendo. Anali atangochoka ku yunivesite ya California, wasewera sizoni imodzi, basi mphoto m'manja. Mukawerenga mayina a amene ailandira kuyambira 2017, mupeza kuti mwa anthu 9, anthu 7 ndi osamuka. Anayambira sukulu ina, zitawathina ananyamula zikwama n'kukawalira kwina. Tsono amene anatiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha abwere adzafotokoze.

Makochi a ku America mwambiwu saudziwa, koma palibe amene amaulalikira kuposa iwo, makamaka mwezi wa Ogasiti sizoni ikamayandikira. Nthawi imeneyo timu iliyonse imakhala ndi anyamata atatu kapena anayi olimbirana malo amodzi, a quarterback. Ameneyu ndiye amalandira mpira sewero lililonse likamayamba, n'kusankha kuuponya, kuupatsa mnzake, kapena kuthamanga nawo yekha. M'bwalo amalowa mmodzi. Pa mpira wathu wamiyendo omwetsa zigoli mutha kuika awiri kutsogolo, koma goloboyi awiri pa golo limodzi simunawaonepo. Otsalawo amaima m'mbali mwa bwalo, chisoti m'manja, n'kumawomba m'manja mnzawo akachita bwino, kumaso kumwetulira, mumtima kukuwira.

Kochi wochenjera sanena msanga amene wasankha. Atolankhani akamufunsa amati anyamata onse akulimbikira, mpikisano ukadalipo. Ena polemba ndandanda ya osewera amaika mayina awiri pa mzere umodzi, pakati n'kulembapo "kapena". Amati n'cholinga chosokoneza adani. Ine ndimati n'cholinga choti wogonjayo adziwe mochedwa, sukulu zina zitatseka kale zitseko.

Tiyeni tikhale pa benchi imodzi yokha, ya Ohio State mumzinda wa Columbus, pomwe bwalo limalowa anthu oposa 100,000. Tione amene anadekha ndi zomwe anaona.

Joe Burrow anafikapo mu 2015, mwana wa komweko, wa m'katauni ka Athens. Anadekha kumbuyo kwa J.T. Barrett, chaka choyamba, chachiwiri. Mu Ogasiti 2017 anathyoka fupa la dzanja poyeserera, ndipo pomwe ankachira anapeza Dwayne Haskins wakhala kale pa mpando wa nambala 2. Barrett atamaliza sukulu, awiriwo analimbirana malo kumayambiriro kwa 2018. Burrow ataona kuti mtima wa kochi Urban Meyer uli pa mnzakeyo, anatenga digiri yake, yomwe anali atamaliza m'zaka zitatu, ulendo wa ku LSU ku Louisiana. Kochiyo sitingamunene kuti analakwa, pakuti Haskins chaka chimenecho anaponya mipira 50 yobala zigoli zomwe eniake amati touchdown. Koma mu 2019 Burrow anaponya 60, timu yake inapambana masewero onse 15 ndi chikho chomwe, iye natenga Heisman, ndipo mu 2020 ndiye anali woyamba kusankhidwa kulowa ligi ya akuluakulu ya NFL. Zaka zitatu anakhala akuyang'anitsitsa nkhono ya ku Columbus, ili duu. Ya ku Louisiana inamutulutsira maso ndi nyanga zomwe.

Wina anganene kuti aa, ndiye kuti mankhwala ake n'kuthawa. Dikirani kaye, Tate Martell akubwera. Uyu ku sekondale kwawo ku Las Vegas timu yake sinagonjepo iye akuitsogolera. Anadekha pa benchi yomweyo mu 2017 ndi 2018. Haskins atapita ku NFL, aliyense anati nthawi ya Martell yakwana. Mu Januwale 2019 kunatulukira Justin Fields kuchokera ku Georgia, nayenso atatopa ndi benchi ya kumeneko. Martell anali atanena poyera kuti sasuntha ngakhale kubwere ndani, koma mwezi womwewo usanathe anali ku Miami. Kumeneko malo anamulanda Jarren Williams. Anayesako kukhala wowakha mipira m'malo moiponya, zosayenda. Anakamalizira ku UNLV kwawo ku Las Vegas, osasewera kwenikweni, n'kuusiya mpira. Anadekha, osaona kanthu. Anathawa, osaonanso kanthu.

Nthawi imeneyi malamulo anali akusintha. Kale wosamuka ankakhala chaka chathunthu osasewera, pokhapokha akhale ndi digiri ngati Burrow kapena apatsidwe chilolezo chapadera. Mu Okutobala 2018 bungwe loyendetsa masewerowa la NCAA linatsegula transfer portal, kaundula wa pa kompyuta pomwe wosewera amalembetsa dzina, makochi onse n'kuona kuti uyu ali pamsika. Mu 2021 anachotsa chilango cha chaka chija kwa wosamuka koyamba, mu 2024 anachichotseratu kwa onse. Kuyambira Julaye 2021 ana a sukuluwa analoledwanso kupanga ndalama ndi mayina awo, kutsatsa malonda, kusaina pa zithunzi ndi zipewa.

Amene anayamba kununkhiza ndalamazi ndi Quinn Ewers wa ku Texas. Malamulo a kwawo sankalola mwana wa sekondale kulandira ndalama zotere, ndiye iye anadumpha chaka chomaliza n'kufika ku Columbus mu Ogasiti 2021. Nyuzipepala zinalemba kuti pangano limodzi lokha losaina dzina linaposa madola 1 miliyoni. Malo anali atapita kwa C.J. Stroud. Sizoni yonse Ewers anagwira mpira m'bwalo kawiri kokha, kawiri konseko n'kungopatsira mnzake mpira m'manja, osaponya ngakhale umodzi. Disembala itakwana anabwerera kwawo kukasewerera Texas. Ine munthu ameneyu ndimamulemekeza. Nkhono sanaidikire, anangojambulitsa nayo chithunzi n'kugulitsa.

Kyle McCord ndiye anadekha mwa buku. Zaka ziwiri kumbuyo kwa Stroud, osadandaula. Mu 2023 anapambana mpikisano wa malo, napambana masewero 11 otsatizana. La nambala 12 anagonja kwa Michigan, 30 kwa 24. Ku Columbus mutha kupambana dziko lonse, koma mukagonja kwa Michigan ngakhale wogulitsa buledi amakuyang'anani m'mbali. Masabata awiri asanathe dzina la McCord linali mu kaundula uja. Maso anawaonadi, koma anali a masapota, ofiira psuu. Anapita ku Syracuse, komwe mu 2024 anaposa quarterback wina aliyense m'dzikomo pa kutalika kwa mipira yomwe anaponya.

Amene amandimvetsa chisoni ndi Devin Brown, yemwe McCord anamugonjetsa pa mpikisano uja. Brown sanachoke. McCord atapita, anapatsidwa mwayi woyamba sewero la Cotton Bowl lolimbana ndi Missouri. Anavulala kakolo masewero asanafike n'komwe pakati, timu n'kugonja 14 kwa 3. Anati ndichire, chaka chamawa n'changa. Akuluakulu a timu anakatenga Will Howard ku Kansas State. Brown anadekhabe, sizoni yathunthu, mpaka Howard anabweretsa chikho mu Januwale 2025 atagonjetsa Notre Dame. Apo m'pamene ananyamuka, patatha zaka zitatu, kulowera ku California, komwe mpando unali wopanda munthu chifukwa mwiniwake, Mendoza uja, anali atapita ku Indiana. Atafika, malo anapatsidwa kwa kamnyamata kongochoka ku sekondale ku Hawaii, Jaron-Keawe Sagapolutele. Kamnyamata kameneka kanali katasaina ku Oregon mu Disembala, mu Januwale n'kukhala katasamuka kale. Munthu wodekha zaka zitatu kugonja kwa munthu wolephera kudekha milungu ingapo. Mukanakhala inu mukanamuuza chiyani Brown?

Apa m'pomwe ndimaona kuti mwambiwu unasiya mawu ena panjira. Sutiuza kuti usanakhale pansi uyambe wasuzumira ngati m'chigobamo muli nkhono. Zigoba zina n'zopanda kanthu, mwiniwake anafa kalekale, ndipo ukhoza kudekha mpaka imvi. Choipa n'chakuti amene amadziwa ngati muli kanthu kapena ayi ndi kochi, ndipo iye phindu lake lili pakuti iwe ukhalebe pomwepo, kuti woyambayo akathyoka mwendo pakhale wolowa.

Nkhaniyi ikafika apa ine kuseka kumandithera. Mwana wa sukuluyu malamulo amamupatsa zaka zisanu zokha. Zikatha zatha, ndipo a NFL sasankha munthu chifukwa choti ankaomba bwino m'manja. Kochi alibe malire otero. Mu Novembala 2021 Lincoln Riley anagonja Loweruka ali kochi wa Oklahoma, Lamulungu n'kumveka kuti ndi kochi wa USC ku Los Angeles. Sabata yomweyo Brian Kelly anasiya Notre Dame kupita ku LSU. Anyamata amene anawalonjeza pamaso pa makolo awo anangomva pa foni ngati wina aliyense. Anthu anatukwana masiku angapo, kenaka anati ndi ntchito, munthu amapita komwe kuli malipiro. Koma mwana wa zaka 19 akachita zomwezo amati alibe khalidwe, safuna kulimbana, ana a masiku ano. Kudekha kumene amakulalikira amene ali pampando kwa amene ali chilili, ine ndimakukayikira.

Komatu odekha opindula alipo, ndipo wotchuka kwambiri ndi uja anakakhala kumbuyo kwa Ewers ku Texas. Mwaona benchi ya ku Columbus komwe yatifikitsa? Arch Manning anamaliza sekondale ku New Orleans akutchulidwa kuti ndi mmodzi mwa oposa onse a msinkhu wake. Sukulu iliyonse ikanamupatsa malo tsiku lomwelo. Iye anakhala pa benchi mu 2023, nakhalanso mu 2024, kungoyamba masewero awiri Ewers atavulala. Olemba nkhani anamutamanda kuti uyu ndiye mwana woleredwa bwino. Ndikuvomereza, koma taonani kwawo. Agogo ake a Archie anasewera mu NFL, ku New Orleans Saints. Abambo ake aang'ono, Peyton ndi Eli, aliyense ali ndi zikho ziwiri za Super Bowl, fainolo ya NFL. Palibe amene ankadikira ndalama ya Arch kuti alipire lendi, ndipo dzina lokhalo linkamusungira malo pakhomo la NFL. Wokhuta kudekha sikumuvuta.

Tsiku la Arch linafika pa 30 Ogasiti 2025. Texas inali itaikidwa pa nambala 1 sizoni isanayambe, ndipo sewero loyamba linali, mwa malo onse, ku Columbus. Linayamba 12 koloko masana kwawoko, kuno ili 6 koloko madzulo, nthawi yabwino yoti munthu aonere asanayambe kusinza. Mbali inayo kunali Julian Sayin, yemwe anangofika ku Alabama mu Januwale 2024, kochi Nick Saban n'kupuma ntchito, iye masiku owerengeka n'kukhala atasamukira ku Ohio State. Wodekha zaka ziwiri anakumana ndi wosamuka mwezi usanathe, ndipo wosamukayo anapambana 14 kwa 7. Ndisanamize anthu, Sayin naye anakhala chaka chathunthu kumbuyo kwa Howard asanapatsidwe malo. Mwina ndiye kuti munthu uyambe wathawa kenaka udekhe. Kapena udekhe kenaka uthawe, monga Burrow. Martell anayesa zonse ziwiri.

Chomwe chinandiseketsa n'cha masapota a Texas. Anthu omwe anakhala zaka ziwiri akuyamikira kudekha kwa Arch analephera kumudekhera milungu itatu. Sewero lachitatu, pakhomo pawo polimbana ndi UTEP, mipira yake itayamba kugwera pansi, anamukuwiza. Atagonjanso kwa Florida mu Okutobala, ena anayamba kunena kuti mwanayu ndi dzina chabe. Kenaka anayamba kusewera bwino, nagonjetsa Oklahoma, nagonjetsa Texas A&M kumapeto kwa Novembala, omukuwiza aja n'kumati tinkadziwa ife. M'gulu la matimu 12 olimbirana chikho Texas sinalowe. Sayin analowamo, koma asanatero anagonja 13 kwa 10 pa fainolo ya ligi ya Big Ten, kwa Mendoza yemwe uja, amene mpando wake Brown anakaulephera ku California.

Sizoni yonse ya 2025 pa benchi ya ku Columbus panali mnyamata wina watsopano, Tavien St. Clair, wotamandidwa kwambiri pochoka ku sekondale, chisoti m'manja, akuomba m'manja Sayin akaponya bwino. Ndi mwana wa ku Ohio komweko, ngati Burrow. A ku Louisiana nambala yake ya foni ayenera kuti ali nayo kale.