Komboni Yonse Ikupita ku Intavyu

Ku Kanyama, munthu akaitanidwa ku intavyu, pofika madzulo amayi a pampopi ndi wogulitsa makala amakhala atamva kale. Osangalala kwambiri amakhala a landilodi, poti lendi ya miyezi itatu yayamba kununkhira.

Musawaseke. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496, koma otsala panja anachuluka kuposa olowa. Ndiye kalata yokuitana si yoisewera nayo. Jekete likachokera ku salaula pa Soweto, tayi kwa akulu a mpingo, shati isitidwa ndi ayironi ya makala, NRC ndi satifiketi ya Grade 12 zilowa mu pulasitiki kuopa madzi a mvula.

Vuto ndi mafunso a masiku ano. Mabwana anasiya kufunsa za sukulu. Amangoti, "Tiuzeni za tsiku limene munasemphana maganizo ndi mnzanu, munatani?" Apa mpamene aphungu amatulukira. Oyamba ndi amalume a ku Matero, amene sanaponde mu ofesi chitsekereni Zambia Airways mu 1994.

"Mphwanga, usawayang'ane m'maso. Akafunsa za malipiro, uzingoti chilichonse, bwana."

Azakhali nawo salola kutsalira. "Iwe ukavomere kuti unakanganapo ndi munthu? Akakuyesa wamwano. Ukakane, mwanawe!"

Kenako afika msuweni wa ku Kalingalinga, amene nzeru zake n'zoti amagona moyandikana ndi UNZA. Iyeyu wabwera ndi njira ya STAR: unene vuto linali lotani, udindo wako unali wanji, unachitapo chiyani, nanga zinatha bwanji. Malangizo abwino ndithu, koma mnyamata wathu wasankha kuloweza za pa YouTube. Usiku wonse ali pagalasi: "Chofooka changa n'choti ndimalimbikira ntchito mopitirira muyezo." Aneba akumva kuseri kwa khoma, akukanika kugona ndi phwete, poti akudziwa kuti mkuluyu dzuwa limamutulukira ali m'bulangete.

Chonsecho mayankho enieni ali pakhomo pomwepo. Pa yadi ya mabanja ambiri, chimbudzi chimodzi, ndani analemba ndandanda ya otsuka n'kuimata pachitseko ndewu n'kutha? Ndi mnyamata yemweyu. Ndani anasunga ndalama za chilimba, wina atafuna kudya kawiri, n'kumubweza popanda kupita ku polisi? Ndani anayenda ndi mbale ya chipepeso mzere wonse, ndalama n'kukwanira bokosi, makala ndi kabichi? Munthu amene amalanda chenji chake kwa kondakitala pa Kulima Tower nthawi ya 17 koloko sangalephere kukambirana ndi kasitomala wovuta.

Koma kodi akazinena? Ayi. Tinaleredwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo. Bwana akafunsa kuti inuyo munachitapo chiyani, mnyamata aweramitsa mutu, apisa manja pakati pa mawondo, n'kuti, "Ndi chisomo chabe, bwana." Bwana alemba ziro. Amalume atamva, ati mwana wayankha mwaulemu kwambiri.

Inu mabwana a ku Cairo Road, pempho ndi limodzi. Mukati "tikuimbirani foni", muziimbadi, ngakhale kukhale kukana. Kuno anthu akumalipira K5 yotchajitsa foni pa kantemba tsiku ndi tsiku, kudikirira inuyo.