Mphepo ya ku Limbe ilipo, mtengo tikambirana

Dizilo wakweranso. Nkhaniyi inandipeza ndili chagada pansi pa lole, ndikumanga ndi waya chitsulo china chomwe makaniko anati ndigule chatsopano chaka chatha. Pompo ndinaitanitsa msonkhano wa akuluakulu a kampani. Anafika onse: mwini lole, dalaivala, wosunga chuma ndi mlonda. Onsewo ndi ine ndemwe. Titakambirana mozama, tinagwirizana kuti wolakwa ndi dalaivala.

Kampani yathu ili ndi lole imodzi, Canter ya matani atatu yomwe inakalambira ku Japan isanaone n'komwe doko la Dar es Salaam. Ndinaigula chifukwa ndinatopa ndi kutumidwa. Lero amandituma aliyense amene ali ndi mayunitsi, ngakhalenso wongofulasha.

Anthu amafunsa kuti ndimanyamula chiyani makamaka. Yankho lake ndi mphepo. Popita ku Blantyre kahayala kamapezeka: matumba a soya, kapena mipando ya munthu yemwe amusamutsa kuntchito. Koma pobwerera, makilomita oposa 300 onsewo, kumbuyoku kumadzadza mphepo yokhayokha. Anthu a ku Lilongwe, ngati mwaona kuti masiku ano mukupuma bwino, dziwani kuti ndi mphepo ya ku Limbe imeneyo, ndipo wobweretsa wake ndine. Zikomo sindinamulandirebe.

Kunena zoona, mphepo ndi katundu waulemu. Siiola, siibedwa, siifuna tenti mvula ikagwa. Pa rodibuloko palibe amene anaifunsapo chiphaso. Pa sikelo imadutsa mosanjenjemera. Chilema chake n'chimodzi: siilipira. Pazipata za Chingeni ndi Kalinyeke imakhala phee kumbuyo ngati mlamu wobwera kudzacheza, wopisa m'thumba ndine. Ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala limodzi lokha limafuna msonkhano wa banja, koma mphepo mtengo wake sunasinthe.

Musaganize kuti sindisaka katundu. M'mamawa uliwonse ndimakaimika lole pamalo athu pansi pa mtengo, pomwe malole asanu ndi awiri amadikirira munthu mmodzi wosamuka. Bawo ndaidziwira pamenepo. Ndilinso m'magulu a WhatsApp osawerengeka. Wina akangolemba kuti pakufunika lole, bandulo yanga isanatsegule n'komwe uthengawo, anzanga makumi awiri ayankha kale, aliyense akutsitsa mtengo kuposa mnzake, mpaka wopambana amapita kukagwira ntchitoyo akulira.

Ndiye pali dobadoba. Munthu ameneyu alibe lole, alibe katundu, alibe ngakhale jeke. Ali ndi foni ndi jekete.

"Akuluakulu, muli kuti?"

"Ndili pompano, achimwene."

"Pali matumba 60 a chimanga kumudzi kwinakwake. Msewu wake ndi wabwino zedi."

Matumba 60 a makilogalamu 50 ndi matani atatu ndendende, ndiye mtima unakhala pansi. Nditafika ndinapeza matumba 85, lililonse lotupa ngati lameza linzake, kuwonjezapo mbuzi ziwiri ndi agogo opita kuchipatala. Msewu wabwino uja unali mtsinje womwe unangopuma kaye. Dobadoba anatenga ndalama yake tisananyamuke, yowerenga pamanja. Yanga anati Lachisanu. Sanatchule mwezi, ndipo kulakwa n'kwanga, sindinafunse.

Tsono pali malo amodzi pomwe nthabwalazi zimandithera. Ndikafika pa Lizulu ndi mphepo yanga, ndimaona milu ya tomato, kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu, zina zitayamba kale kufota, amayi akuthamangira galimoto iliyonse yomwe yachepetsa liwiro. Iwo akusowa lole, ine ndikusowa katundu, ndipo tikuyang'anizana maso. Alibe nambala yanga, ndilibe yawo, ndipo wotidziwa tonsefe ndi uja wa jekete, amene amadya kwa mlimi n'kudzadyanso kwa ine. Dziko lathu lilibe doko. Dontho lililonse la dizilo limachokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, logulidwa ndi madola omwe timachita kupempha, ndiye ife n'kumaliwotcha ponyamula mphepo uku chakudya chikuolera pamsewu. Pamisonkhano ya m'mahotela amakamba zotukula mabizinesi ang'onoang'ono, koma malo amodzi okha oti mlimi ndi mwini lole azipezana popanda wodya pakati, amenewo akutikanika. Zimenezi sindikuseka.

Kunyumba nkhaniyi ndinayesa kuifotokoza mwaukadaulo, kuti kampani ikukula, kungoti ndalama zake zili m'manja mwa anthu. Mayi a kunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anavundukula poto wopanda kanthu.

"Abambo, ndakusungirani katundu wanu uja. Mudya ndi ndiwo yanji?"

Msonkhano wa akuluakulu a kampani unakumananso usiku womwewo, ndipo wosunga chuma anatula pansi udindo. Anaulandira ndi mlonda.

Choncho abale anga, Lachiwiri likudzali ndinyamuka ku Limbe m'bandakucha kulowera ku Lilongwe. Amene muli ndi bedi, malata, nkhuku kapena apongozi ofunika kubwezedwa kwawo, ndiimitseni panjira. Mundiimitse nokha, osatuma wa jekete. Mphepo ndiifinyira pakona, siidandaula.