Mukufuna phwando kwa Lundu? Konzani nkhuku ndi nsapato zolimba

Mabanja khumi mwasonkherana, mbuzi mwagula, ndiye mukuona ngati chatsala n'kungotchinga kanjira ka pakati pa nyumba zanu n'kuyamba kudula chiuno? Pepani anzanga, imvani kaye malangizo.

Yambirani kwa a nyakwawa, ndipo musapite chimanjamanja. Nkhuku ikhale yonenepa, chifukwa yowonda imakumbutsa mfumu kuti nkhaniyi ndi ya a gulupu, ndipo a gulupu nawo ali ndi khola. Kwa a Paramount Lundu musakafikeko. Iwo ndi mfumu yaikulu ya Amang'anja, si oweruza milandu ya masipika.

Lamulo la apolisi la 2010 limati wokonza msonkhano kapena zionetsero adziwitse DC kudakali maola 48. Kudya mbuzi si zionetsero, komabe m'komiti mwanu simulephera kupezeka mkulu wina wodziwa zonse, cholembera chili m'thumba la malaya, wokakamira kuti kalata ipite ku boma ku Chikwawa. Musatsutsane naye. Mpatseni ya thiransipoti ndi ya fanta. Abwerako madzulo maso ali psuu, kalata ili m'thumba momwemo, n'kunena kuti mawa abwererenso.

Mowa wogulitsa umafuna laisensi ya khonsolo, nyimbo zoimbidwa pagulu zimalipiridwa ku Cosoma, ndipo apolisi a m'mudzi auzeni msanga. Msewu wa M1 musauyerekeze n'komwe kuutchinga. Mathiraki a shuga ochokera ku Nchalo sadziwa kuvina. Magetsi amapangidwa kwathu konkuno ku Kapichira, n'chifukwa chake bwerekani jenereta.

Chimene chimandipweteka mutu n'chakuti wofunsa chilolezo mokweza mawu amakhala yemwe uja anakana kusonkha. Mabala amalira mpaka mbandakucha iye osatsegula pakamwa, koma ana akavina masana dzuwa likuswa mtengo, akuti tikusokoneza mudzi. Ameneyu mumuike pampando wapatsogolo, mumpatse chiwindi, muone ngati afunsenso chidindo.

Mukamaliza zonsezi, tcherani khutu usiku wonse. Kukangomveka mfuu ya maliro m'mudzi, palibe kalata kapena nkhuku yomwe ingakuthandizeni. Zimitsani masipika, mbuziyo mupite nayo kusiwa.