Ulemu kwa a Bilimankhwe, Bwana Osamwera M'mbale

Pa zolengedwa zonse zimene munthu angalowetse m'nyumba n'kumati ndi ziweto, palibe chofika pa a Bilimankhwe, amene ena amawatcha a Nanzikambe. Galu amalondera, mphaka amagwira makoswe, nkhuku imadikira tsiku la alendo. A Bilimankhwe sagwira ntchito, sathokoza, sadziwa ngakhale dzina lanu, ndipo inu olipira lendi ndi amene mumawatumikira. Ndikulankhula monga mmodzi wa antchito awo. Ana anga ataonera pa YouTube azungu akuweta nyamazi, anakawatola mumtengo wa gwafa kuseri kwa bafa, ndipo monga zimakhalira ndi ziweto zonse za ana, chidwi chitazilala udindo unagwera bambo.

Lamulo loyamba la pantchitoyi ndi lakuti bwanawa samwera m'mbale. Mukhoza kuwaikira madzi oyera mbee m'kambale ka alendo, iwo adzangowaponyera diso limodzi, lina lili kudenga, mpaka maso atalowa m'kati ndi ludzu. Kutchire amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba, ndiye madzi ongokhala phee sawawerengera kuti ndi madzi. Kuti amwe, iyambe yagwa mvula. Choncho m'mawa ndi madzulo ine, munthu wa imvi, ndimatenga botolo lopopera limene mayi akunyumba ankanyowetsera tsitsi, n'kuima pakhola kuvumbitsa mvula. Makolo athu ankapita ku Msinja kwa Makewana, ena ku Khulubvi kwa Mbona, kukathira nsembe ndi kupempha modzichepetsa. Ine ndimaigwetsa kawiri pa tsiku, nditavala masilipasi, popanda wondiombera m'manja.

Ndipo musaganize kuti mvulayo ikayamba amathamangira. Amayamba akwiya, thupi kuda bii, kukhosi kufufuma. Inu popanibe, dzanja likuwawa. Pakapita nthawi mudzaona kukamwa kukutseguka pang'ono, akutafuna mphepo, kenako kansonga ka lilime kakhudza dontho limene likulendewera kumapeto kwa tsamba. Amakweza mutu mwaulemu wonse, kumeza, n'kukhala chete kuganizira ngati madziwo ali oyenera munthu wa udindo wawo. Lilime lomwelo, limene litalika kuposa thupi lawo, likafuna chiwala limatuluka ndi kubwerera musanaphethire. Mphamvu zilipo ndithu, koma sizionongedwa pa zinthu zimene wantchito angathe kudikirira. Masana ndimawasiyira chigubu chobowola ndi singano pamwamba pa khola kuti chizidontha, mvula ya mawawa yoti isawasowetse mtendere.

Mvula yonseyi ikugwa m'nyumba imene mpopi wake umakumbukira ntchito cha m'ma 2 koloko usiku. Nthawi zina umangotsokomola mpweya, mita n'kumazungulira mokondwa, bilu n'kubwera pa tsiku lake osachedwa ngakhale ola limodzi. Akuluakulu ena ake, amene sindiwatchula chifukwa ndimafunabe madzi, akhala akukonza paipi imodzimodziyo kuyambira mwana wanga woyamba asanamere mano. Ndiye ndikadzuka usiku kutchera zidebe, mayi akunyumba amafunsa ali m'bulangete: "Inu bambo, chidebe choyambacho ndi cha ana kapena cha chilombo chanu chija?" Sindiyankha. Pali mafunso ena oti munthu wapantchito sayankha bwana wake akumva.

Za kuchedwa tisawadzudzule a Bilimankhwe, chifukwa ndi mwambo wa kubanja kwawo. Tonse tinamva kwa agogo kuti Chauta anawatuma ndi uthenga woti anthu akafa adzadzukanso, koma buluzi, amene ananyamuka pambuyo ndi uthenga wa imfa, anawapitirira panjira. Chiyambire pamenepo tikuika maliro. Mukawaona akuyenda mudzamvetsa: phazi m'mwamba, kugwedera kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kugwederanso, kenako kuponda. Ophunzira amati amatsanzira tsamba logwedezeka ndi mphepo kuti mbalame zisawaone. Ine ndimati ndi kayendedwe ka fayilo yanga mu ofesi ina yake, kumene yakhala ikukweza phazi kuchoka pa tebulo la kalaliki kupita pa la bwana, ine n'kumauzidwa kuti ndibwere Lachiwiri. Koma a Bilimankhwe akakwiya amada poyera. Samwetulira akukukanira.

Za madzi zikatha, pamabwera nkhani ya dzuwa. Popanda cheza cha dzuwa chija amati UVB, thupi lawo silitha kugwiritsa ntchito kashiamu, ndiye mafupa amafewa, miyendo kupindika, chibwano kulobodoka mpaka kulephera kugwira chakudya. Kuwaika pawindo n'kutaya nthawi, poti galasi limatsekereza chezacho. Ku Britain oweta amagula mababu apadera amene amafunika kusinthidwa chaka chisanathe ngakhale akuwalabe, ndipo tizilombo todyetsa amaitanitsa m'timabokosi. Ife dzuwa tili nalo laulere, chinthu chokhacho chimene sichinakwere mtengo, koma pamafunika wonyamula. M'mawa ndimatulutsa khola la sefa, theka padzuwa theka pamthunzi, kuti bwana asankhe okha. Mlendo salola. Mukawaikira mnzawo m'khola, onse awiri amadwala ndi mkwiyo.

Chakudya chawo n'chamoyo basi: ziwala, ntchentche, ngumbi pa nyengo yake, zowazidwa kaufa ka kashiamu, ndipo zisachokere m'dimba lopoperedwa mankhwala. Apa ndi pamene ulemu wanga m'dera muno unathera. Aneba anandiona ndikudumpha m'maudzu ndi kabotolo, mbiri n'kumveka kuti ntchito yanditha. Atamva kuti ziwalazo si zanga, nkhani inasintha: ndikukhwima. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene amakuwa akangoona a Bilimankhwe padzuwa, anandifunsa ali kuseri kwa mpanda: "Aneba, ndiye chigayo mutsegula liti?" Mayi yemweyu amasunga mwamuna amene amagona mpaka 10 koloko, kudya thukuta la ena, osathokoza. Iye wakeyo ndi banja, wanga ndi malodza. Ndikanakhala wokhwima, mayi, ndikanayamba ndi mpopi.

Chondiwawa n'chakuti pamene ine ndikutumikira mmodzi, achibale awo akutha. Ku mapiri a Malawi Hills ku Nsanje kuli kabilimankhwe kotalika ngati chala, kamene mwachilengedwe sikapezeka kwina kulikonse padziko. Ofufuza atakafunafuna mu 2016 anakapeza kakadalipo, koma m'tizigawo ta nkhalango timene nkhwangwa zinasiya. Kumeneko mvula yopopera kulibe.

Ngati kuti ntchito inachepa, mwana wamkazi anabwera kuchokera kudambo ndi tiana tiwiri ta nkhasi m'chitini. Amenewa vuto lawo ndi losemphana: madzi amawakonda mopitirira. Amadyera momwemo, kudzithandizira momwemo, n'kumakuyang'anani kuti musinthe. Amafuna mwala wokwerapo kuti aume ndi kuwothera dzuwa, apo ayi chigoba chimafewa. Amanyamulanso tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, moti ku America kuyambira 1975 ndi mlandu kugulitsa akamba a chigoba chosakwana mainchesi 4, chifukwa ana ankawagwira kenako n'kuika zala m'kamwa. Ndiye aliyense wowakhudza asambe m'manja ndi sopo. Madzi ake omwe aja a 2 koloko.

A Bilimankhwe adzanditsogolera, poti zaka zawo n'zowerengeka. Koma nkhasi zikasamalidwa zimatha kupitirira zaka 20, kotero ndazilemba kale mu wilo. Achibale aja amene amafika pamaliro ndi lole, n'kuyamba kuyeza firiji bokosi lisanatuluke, ndawagawira mwachilungamo. Wotenga firiji atenge ndi beseni la nkhasi, ndipo azisintha madzi tsiku lililonse.